Jambulani chithunzi cha 3D ndi foni imodzi, mumvetse chimene chimachitika pa kanema

Tambasulani dzanja, muimike chala cha mkombaphala patsogolo panu, muchilunjikitse pa chitseko kapena pa mtengo umene uli chapatali. Tsinzinani diso lamanja. Tsopano litseguleni, mutsinzine lamanzere. Chala chija chalumpha, chonsecho simunachisunthe. Chiyandikizeni kumphuno mubwereze, muona kuti chikulumpha kwambiri kuposa poyamba.

Kanema yense wa 3D, amene zinthu zake zimaoneka zili ndi kuya ngati zenizeni, wagona pa kulumpha kumeneko. Maso a munthu wamkulu amatalikirana pafupifupi masentimita 6 ndi theka, choncho lililonse limaona dziko lili pamalo akeake. Ubongo umalandira zithunzi ziwiri zosiyana pang'ono, n'kuyeza kusiyanako: chimene chalumpha kwambiri chili pafupi, chimene sichinasunthe chili kutali. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo diso limodzi silingachite ntchito imeneyi. Charles Wheatstone anafotokoza zimenezi ku bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society mu mzinda wa London mu 1838, pogwiritsa ntchito magalasi awiri oonerapo nkhope ndi zithunzi zojambula pamanja. Kuchokera nthawi imeneyo zipangizo zasintha kwambiri, koma mfundo yake idakali yomweyo: patsani diso lamanzere chithunzi chake, lamanja chakenso, zotsalazo ubongo umaliza wokha.

Anthu ambiri akamva za 3D amaganiza za mkondo wotuluka pa sikirini kubwera kumaso kwawo. Ine ndimati kukoma kwenikweni kuli mkati, kuseri kwa sikirini, kumene maso amayenda momasuka ngati mukusuzumira pazenera. Zotuluka kunja zili ngati tsabola, pang'ono chabe n'zokwanira. Njira yabwino yomvetsera zimenezi ndi kupanga chithunzi chanu, mulakwitse nokha, mumve maso akukokana. Mukatero simudzaoneranso kanema wa 3D ngati kale.

Choyamba: sonkhanitsani zipangizo

Foni iliyonse yokhala ndi kamera, rula ya kusukulu, selotepi, chidutswa cha katoni, sizasi, ndi mapepala a pulasitiki oonekera amitundu iwiri, wofiira ndi wina wotchedwa cyan, umene uli pakati pa buluu ndi mtundu wa masamba. Kompyuta ikhalepo ngati n'kotheka, yokhala ndi pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi ya GIMP kapena StereoPhoto Maker. Popanda kompyuta mufikabe mpaka pa sitepe yachisanu, ndipo kuya mukuona.

Chachiwiri: sankhani chojambula chimene sichisuntha

Opanga mafilimu akuluakulu ena amagwiritsa ntchito makamera awiri ojambula nthawi imodzi. Inu muli ndi foni imodzi, ndiye kuti mujambula kawiri motsatizana, ndipo pakati pa kujambula koyamba ndi kwachiwiri pasasinthe kanthu. Musaone ngati njira imeneyi ndi ya osauka okha. Filimu ya zidole ya Coraline, ya mu 2009, inajambulidwa momwemu: kamera imodzi inkajambula chithunzi cha diso lina, n'kusunthidwa pang'ono, n'kujambulanso cha diso linalo, chifukwa zidole sizithawa.

Pewani madzi oyenda, utsi, moto, masamba ogwedezeka ndi mphepo, ndi ana. Ulendo wanga woyamba ndinajambula pabwalo, zonse zinakhala bwino, koma nkhuku imodzi inatembenuza mutu pakati pa zithunzi ziwirizo. Pomaliza inkaoneka ngati mzukwa, diso lina likuona mlomo, lina likuona mchira wokha, ndipo maso anga ankathwanima nthawi iliyonse ndikayang'ana pamenepo.

Funani malo amene ali ndi zinthu zitatu zotsatizana: china pafupi, china pakati, china kumbuyo. Mwachitsanzo, dengu la mango patsogolo, njinga yotsamira pamtengo pakati, khoma la njerwa kumbuyo. Khoma lopaka laimu lopanda kadontho silithandiza, chifukwa ubongo umasowa chofananitsa pakati pa zithunzi ziwirizo. Mphasa, udzu wofolera, khungwa la mtengo, nsalu ya maluwa, zonsezi zimatuluka bwino. Zinthu zonyezimira monga malata atsopano ndi mapoto a aluminiyamu zimavuta, popeza kunyezimirako kumakhala pamalo osiyana pa chithunzi chilichonse.

Chachitatu: yezani mtunda, mupeze mpata wosunthira foni

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, ndipo ndi pamene pagona luso lonse. Funso ndi lakuti foni isunthe mtunda wotani pakati pa chithunzi choyamba ndi chachiwiri.

Ojambula zithunzi za 3D ali ndi lamulo lakale loyambirapo. Yezani mtunda wochokera pa kamera kukafika pa chinthu chimene chili pafupi kwambiri mu chithunzicho, muugawe ndi 30. Dengu lija likakhala pa mamita 2, ndiwo masentimita 200, mukagawa ndi 30 mupeza pafupifupi masentimita 6 ndi theka, mpata wa maso anu enieni. Likakhala pa mita imodzi, sunthani masentimita 3 okha. Mukamajambula duwa pa masentimita 60, masentimita 2 ndi okwanira. Onetsetsani kuti mukuyeza chinthu choyandikira zedi, osati chimene mtima wanu uli pacho. Nthambi yolendewera pakona kapena nthaka imene ili m'munsi mwa chithunzi nthawi zambiri ndi imene imakhala pafupi, ndipo ndi imene idzakupwetekeni maso.

Mtima udzakuuzani kuti musunthe kwambiri kuti 3D yake ikhale yamphamvu. Musaumvere. Mpata ukachuluka, zithunzi ziwirizo zimasiyana mopyola zimene ubongo ungathe kulumikiza, ndiye mumaona zinthu ziwiriziwiri. Mpata ukachepa kwambiri, anthu ndi mitengo amaoneka ngati zidutswa za katoni zoimikidwa motsatizana, chilichonse chafulati pachokha. Pa zolakwika ziwirizi, chachiwiri n'chopepuka, chifukwa sichipweteka munthu.

Pali chinthu china chodabwitsa chimene mpata umachita: umasintha kukula kwa dziko. Ubongo umaganiza kuti zithunzi ziwirizo zachokera m'maso mwanu. Mukasuntha foni mamita 10 pojambula phiri la Mulanje muli kutali, ubongo umaona ngati ndinu chimphona cha mutu wotambalala mamita 10, ndipo phirilo limaoneka ngati choumba cha ana chimene mungachinyamule. Zigwa ndi mikwaso yake zimatuluka bwino lomwe, koma ulemerero wake umatha. Mukachepetsa mpata, tinthu tating'ono timaoneka tikuluzikulu. Opanga mafilimu amasewera ndi zimenezi dala. Mu Coraline muja, nyumba yeniyeni ya mtsikana wa m'nkhaniyo inapangidwa yopanikizika, pamene dziko lina limene amakalowa linapatsidwa kuya kochuluka, kuti woonera amve kukopeka kumene mwanayo akumva. Kuya kukhoza kunena nkhani ngati mmene nyimbo imachitira.

Chachinayi: jambulani

1. Gonekani foni cham'mbali, osati choimirira, ndipo yatsani mizere yothandizira kuwongola chithunzi imene imapezeka m'makonzedwe a kamera.
2. Zimitsani fulashi ndi njira ija imene imachititsa kumbuyo kwa munthu kuoneka mwachimbuuzi. Mu 3D maso amafuna kuyendayenda paliponse, ndiye zonse zioneke bwino.
3. Dinikizani chala pa sikirini kwa kanthawi mpaka kamera itseke kuwala ndi malo amene ikuyang'ana. Mafoni ambiri amalola zimenezi. Mukapanda kutero, chithunzi china chidzawala kuposa chinzake.
4. Mamatizani rula patebulo ndi selotepi, mutsamiritse foni m'mphepete mwake. Jambulani choyamba. Kankhirani foni kumanja potsata rulayo mpaka pa mpata umene munawerengera. Jambulani chachiwiri.
5. Yambani ndi kumanzere nthawi zonse. Mukazolowera zimenezi simudzavutika kudziwa kuti chithunzi ichi ndi cha diso liti.

Ngati palibe tebulo, imani mutatangadza miyendo pang'ono, zigongono zitakhudza nthiti. Tsamirani mwendo wamanzere mujambule, kenako samutsirani thupi ku mwendo wamanja mujambulenso. Ojambula amaitcha njira imeneyi cha-cha, dzina la gule. Chachikulu n'chakuti foni isakwere, isatsike, isapendekeke, ndipo musaitembenuze kuti iyang'anenso chinthu chija pakati. Iyende mowongoka ngati chitseko chokankhira m'mbali. Maso athu anazolowera kusiyana kwa kumanzere ndi kumanja, koma kusiyana kwa m'mwamba ndi pansi sakudziwa. Chithunzi china chikakwera pang'ono chabe, diso lina liyenera kuyang'ana m'mwamba linzake likuyang'ana pansi, ndipo mutu suchedwa kuyamba.

Jambulani zitatu kapena zinayi pa mipata yosiyana, mudzasankhe pambuyo. Ndipo mukadzakhala pawindo la basi pamsewu wosalala, jambulani vidiyo ya mapiri ali m'mbali. Zithunzi ziwiri zotengedwa mu vidiyoyo motalikirana pang'ono zimapanga 3D yabwino, bola pafupi pasakhale mitengo kapena mapolo a magetsi.

Chachisanu: onani kuya popanda magalasi

Njira yachidule ndi kusinthasintha zithunzi ziwirizo mofulumira pafoni. Za pafupi zimagwedezeka kwambiri, za kutali pang'ono, ndipo muona msanga ngati foni inapendekeka.

Njira yeniyeni imafuna kuphunzira. Ikani zithunzi ziwirizo moyandikana pa sikirini, koma mozondotsa: cha diso lamanja chikhale kumanzere, cha diso lamanzere kumanja. Khalani patali ngati kutalika kwa mkono. Imikani chala pakati pa nkhope yanu ndi sikirini, muyang'ane nsonga yake. Kumbuyo kwa chalacho muona zithunzi zinayi zosaoneka bwino. Sunthani chala kutsogolo kapena kumbuyo mpaka ziwiri zapakati zikumane, zitsale zitatu. Chapakaticho ndicho cha 3D. Musachithamangire, chisiyeni chiwale chokha, kenako chotsani chala mwakachetechete. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ena zimawatengera mphindi imodzi, ena masiku angapo. Maso akatopa lekani, mudzayesenso mawa.

Mukaona kuti za kutali zabwera pafupi, mphuno ya munthu yalowa mkati ngati mbale, dziwani kuti zithunzizo mwazisinthanitsa. Bwezani.

Chachisanu ndi chimodzi: pangani magalasi

Dulani katoni ngati magalasi a maso, muboole mabowo awiri. Pulasitiki yofiira ikhale ku diso lamanzere, ya cyan ku diso lamanja. Umu ndi mmene anthu ambiri padziko amachitira, ndipo mukatsata zimenezi mudzatha kuoneranso zithunzi za ena, monga zimene bungwe la ku America lofufuza za m'mlengalenga la NASA linatulutsa za miyala ya ku Mars kuyambira pa ulendo wa chombo cha Pathfinder mu 1997.

Yesani pulasitiki yanu musanaimate. Lembani mzere ndi cholembera chofiira papepala loyera. Mukayang'ana kudzera mu pulasitiki yofiira mzerewo uzimirire, mukayang'ana kudzera mu inayo uoneke wakuda. Ngati sukuda mokwanira, sanjikizani mapepala awiri kapena atatu. Mapepala okulungira maswiti ndi mphatso amagwira ntchito mwa apo ndi apo. Abwino zedi ndi amene amaikidwa pa magetsi a pa siteji. Magalasi akuda aja a ku nyumba zoonetsera kanema sagwira ntchito pano, ndipo chifukwa chake tichiona kutsogoloku.

Chachisanu ndi chiwiri: phatikizani zithunzi, musankhe pamene zenera likhale

Chithunzi choonera ndi magalasi amitundu iwiri chimatchedwa anaglyph. Njirayi ndi yakale. Wilhelm Rollmann anaifotokoza ku Germany mu 1853, ndipo Louis Ducos du Hauron wa ku France anailembetsa mu 1891 ngati njira yosindikizira zithunzi.

StereoPhoto Maker imawongola ndi kuphatikiza yokha, mumangoipatsa zithunzi ziwirizo. Koma yesani kamodzi pamanja mu GIMP kuti muone chimene chikuchitika:

1. Tsegulani chithunzi chamanzere, kenako muike chamanja pamwamba pake ngati layer yachiwiri.
2. Chotsani mitundu pa zonse ziwiri zikhale zakuda ndi zoyera. Malaya ofiira amaoneka owala ku diso lina, akuda ku linzake, ndipo maso amalimbana. Mukazolowera mudzayesa zamitundu.
3. Pa chithunzi chamanzere, pitani ku Levels mutsitse Green ndi Blue mpaka pa 0, chitsale chofiira. Pa chamanja tsitsani Red, chitsale cha cyan.
4. Sinthani layer yapamwamba ikhale pa Addition. Zithunzi ziwirizo zionekera pamodzi.
5. Wongolani za m'mwamba ndi pansi poyamba. Sankhani kadontho kamodzi, monga msomali wa pakhoma, muonetsetse kuti kofiira ndi ka cyan kali pa mzere umodzi. Chitani chimodzimodzi ku ngodya ina ya chithunzi.

Tsopano pafika posangalatsa. Valani magalasi, muzikankha chithunzi chapamwamba kumanzere ndi kumanja pang'onopang'ono. Muona dziko lonse likulowa mkati kapena kutuluka kunja kwa sikirini. Lamulo lake ndi losavuta: chinthu chimene zithunzi zake ziwiri zagwirizana ndendende, popanda mphonje zamitundu m'mbali, chimakhala pa galasi la sikirini penipeni. Zonse zimene zinali kumbuyo kwake zimalowa mkati, zimene zinali patsogolo pake zimatuluka kubwera kwa inu. Mukagwirizanitsa dengu la mango, njinga ndi khoma zikhala mkati. Mukagwirizanitsa khoma, dengu ndi njinga ziyandama m'chipinda mwanu.

Yambani ndi kugwirizanitsa chinthu chapafupi kwambiri. Chifukwa chake ndi ichi. M'mphepete mwa sikirini muli ngati felemu ya zenera. Chinthu chimene chili kuseri kwa zenera chikadulidwa ndi felemu, palibe chachilendo, timaona zimenezi tsiku lililonse. Koma chinthu chikakhala kuti chatuluka kutsogolo kwa zenera, kwinaku felemu ikuchidula, ubongo umalandira mauthenga awiri otsutsana. Wina akuti chili patsogolo, wina akuti chili kumbuyo popeza chabisika. Kuya kumasweka, m'mbali mumathwanima. Choncho chimene mukufuna kuti chituluke chisakhudze m'mphepete, makamaka kumanzere ndi kumanja. Dzanja lotambasulidwa, nsonga ya mthiko, duwa limodzi pakati, zimenezo zimatuluka bwino. Alfred Hitchcock anadziwa zimenezi pojambula Dial M for Murder, filimu ya mu 1954. Mbali yaikulu ya nkhaniyo imachitikira m'nyumba imodzi, kuya kuli mkati, nyale ndi mabotolo zili patsogolo. Mphamvu yotulutsa chinthu kunja anaisungira nthawi imene mayi akupotoledwa khosi natambasula dzanja kufunafuna sizasi. Chifukwa choti sanaimwaze ponseponse, nthawi imeneyo inagunda mtima.

Mukamaliza, dulani m'mbali mmene mwatsala mtundu umodzi wokha, musunge chithunzicho ngati fayilo ya mtundu wa PNG. JPEG yopanikizidwa kwambiri, ngati imene imatuluka chithunzi chikadutsa pa WhatsApp, imasakaniza mitundu ndipo diso lililonse limayamba kuona mthunzi wa chithunzi cha linzake. Potumizira mnzanu, tumizani ngati fayilo.

Chachisanu ndi chitatu: kumbukirani kukula kwa sikirini

Chithunzi chimene chikukoma pafoni chikhoza kuzunza anthu pakhoma la holo. Tiwerengere. Tinene kuti khoma lakumbuyo lija lasiyana ndi magawo 2 pa 100 aliwonse a mulifupi mwa chithunzi. Pafoni yotambalala masentimita 15, kusiyanako ndi mamilimita 3. Pa TV yotambalala mita imodzi ndi masentimita 2, palibe vuto. Pa sikirini ya mamita 10 ndi masentimita 20, kuposa katatu mpata wa maso. Kuti alumikize zimenezo, maso ayenera kuyang'ana kunja, lina kumanzere lina kumanja, zimene sachita m'moyo weniweni ngakhale poyang'ana nyenyezi. Choncho pa sikirini iliyonse, zithunzi ziwiri za chinthu chakutali zisatalikirane kuposa masentimita 6 mukayeza ndi rula pa sikirinipo. Ana maso awo ndi oyandikana kwambiri, ndiye ngati oonera ndi ana chepetsaninso.

Chachisanu ndi chinayi: mukapita kukaonera kanema wa 3D

Amene muli ku Johannesburg, ku London kapena kwina kumene mafilimu otere amaonetsedwa, zimene mwaphunzira patebulo lanu zikuthandizani kusankha ndi kukhala bwino.

Magalasi a kumeneko sasefa mitundu ngati anu aja. Ambiri, monga a kampani ya RealD, amasefa kuwala potengera mmene kukuzungulirira. Makina oonetsera amaponya chithunzi cha diso lamanzere ndi cha lamanja mosinthanasinthana, maulendo 144 pa sekondi, pa nsalu yapadera yonyezimira imene imabweza kuwalako osakusokoneza. TV ya kunyumba sichita zimenezi, n'chifukwa chake magalasiwo ali chabe mukafika nawo kwanu. Ma TV a 3D analipo kwa zaka zingapo pambuyo pa Avatar ya James Cameron ya mu 2009, koma pofika 2017 makampani akuluakulu monga Samsung, LG ndi Sony anali atasiya kuwapanga.

Khalani pakati, cha kumbuyo pang'ono. Mukakhala m'mbali, zinthu zimaoneka zopendekera kwa inu. Mukakhala kutsogolo kwenikweni, kuya kumafinyika ndipo maso amagwira ntchito yambiri. Pali kulimbana kwina kumene kanema aliyense wa 3D amabweretsa. M'moyo weniweni, maso akatembenukira pa chinthu chapafupi, kagalasi ka mkati mwa diso kamasinthanso kuti chinthucho chioneke bwino, ndipo ziwirizi zimayendera limodzi. Mu kanema, maso amatembenukira pa mkondo umene ukuoneka ngati uli pamphuno, koma kagalasi kaja kayenera kukhalabe pa sikirini imene ili kutali. Kulekanitsa ntchito ziwirizi n'kumene kumatopetsa. Sikirini ikakhala kutali, kulimbanako kumachepa, ndipo ndi chifukwa chake 3D ya pafoni imatopetsa msanga kuposa ya mu holo.

Pukutani magalasi musanayambe. Amadya kale kuwala koposa theka mukaphatikiza ndi zosefera za pa makina, ndiye zala zamafuta a mbuliwuli zisaonjezere mdima. Mutu ukhale wowongoka, makamaka pa magalasi ena a IMAX amene amatulutsa mithunzi iwiri mukangopendeketsa khosi. Yang'anani pamene wopanga filimu akufuna kuti muyang'ane. Mukamakakamira kuona chinthu chimene kamera inachisiya mwachimbuuzi, maso amalimbana ndi chosatheka. Mukamva chizungulire kapena nseru, tsinzinani diso limodzi kwa mphindi imodzi. Filimuyo isanduka yafulati ndipo ubongo upuma. Ngati kutsinzina kukuonetsa kuti diso lina likuona mdima kwambiri, kapena ngati nkhope za anthu zikuoneka zolowa mkati, vuto si lanu, kauzeni oyang'anira holo.

Mavuto otere ndi amene anapha 3D m'zaka za m'ma 1950. Mu 1952 ku Los Angeles kunatuluka Bwana Devil, filimu ya Arch Oboler yonena za mikango yodya anthu imene inavutitsa omanga njanji ku Tsavo, ku Kenya. Dzina lakelo lili ndi mawu amene ife timawadziwa bwino. Otsatsa malonda analonjeza anthu mkango pamiyendo pawo, ndipo anthu anakhamukirako. Koma nthawi imeneyo pankafunika makina awiri oonetsera oyenda limodzi ndendende. Amodzi akatsalira pang'ono, kapena filimu ikaduka n'kulumikizidwa mosasamala, holo yonse inkatuluka mitu ikuwawa. Pasanathe zaka zitatu chidwicho chinazilala, moti filimu ya Hitchcock ija anthu ambiri anaionera yafulati.

Musanalipire ndalama yoonjezera, fufuzani ngati filimuyo inaganiziridwa mu 3D kuchokera pachiyambi. Ena amajambula ndi kamera imodzi, kenako n'kudula chithunzi chilichonse pakompyuta kuti apange cha diso lachiwiri. Ntchito imeneyi ikapatsidwa nthawi imatuluka bwino, ndipo mbali yaikulu ya Gravity ya mu 2013 inapangidwa pakompyuta. Ikachitidwa mothamanga, monga zinachitikira ndi Clash of the Titans mu 2010 imene inadzudzulidwa kwambiri, mumapeza anthu a katoni aja. Kwa ine, 3D imaonetsa phindu lake pamene kamera yadekha. Werner Herzog anajambula zithunzi zakale za m'phanga la Chauvet ku France mu Cave of Forgotten Dreams ya mu 2010, ndipo kuya kumaonetsa mmene ojambula akalewo ankagwiritsira ntchito kutupa ndi kulowa kwa thanthwe popanga matupi a nyama. Pa chithunzi chafulati zimenezo sizioneka.

Ngati kuya sikukuoneka ngakhale pang'ono

Mwatsata zonse, anzanu akufuula kuti mango akutuluka, inu mukungoona chithunzi wamba. Yambani mwayesa magalasi ndi zithunzi za ena. Zikakanikabe, mwina maso anu sagwirira ntchito pamodzi. Izi zimachitika kwa anthu amene diso lina limayang'ana kumbali kapena linafooka kuyambira ali ana, ndipo ambiri sadziwa chifukwa ubongo umayeza mtunda m'njira zinanso, monga kukula kwa zinthu, mithunzi, ndi chimene chabisa chinzake. Akakhala mwana, pitani naye kwa dokotala wa maso msanga, chifukwa diso lofooka limathandizika bwino munthu adakali wamng'ono.

Kwa akulu nakonso chitseko sichinatsekeke kwathunthu. Bruce Bridgeman, katswiri wa za ubongo wa ku University of California ku Santa Cruz, anakhala zaka 67 osaona kuya bwinobwino. Mu 2012 anapita kukaonera Hugo, filimu ya Martin Scorsese, ndipo anavala magalasi pongofuna kuti asaone zinthu ziwiriziwiri. Kuya kunamuonekera mu holomo, ndipo atatuluka panja kunapitirira, mapolo a magetsi ndi mitengo zitaima pazokha kusiyana ndi za kumbuyo kwake.

Ndiye pali André de Toth, amene anatsogolera House of Wax mu 1953, imodzi mwa mafilimu a 3D amene anapanga ndalama zambiri nthawi imeneyo. Mu filimuyo muli munthu woitanira makasitomala amene amamenya kampira komangidwa ku thabwa ndi mphira, kakubwera kumaso kwa oonera mpaka anthu kumazinda mitu m'mipando. De Toth anali ndi diso limodzi. Kampira kameneko iye sanakaonepo kakutuluka.